Kuyamba kupanga mapulogalamu a AR mu injini ya masewera

Munthu amene anazolowera kupanga masewera a pakompyuta amakhala mwini wake wa zonse zimene zili m'seweromo. Ndiye amene amasankha pamene pakhale pansi, kumene kuwala kuchokere, ndiponso malo amene kamera iime poonetsa zochitika. Akangoyamba kupanga pulogalamu ya augmented reality, imene ambiri amangoitchula mwachidule kuti AR, ulamuliro umenewu umamupulumuka. Kamera imakhala m'dzanja la munthu wina amene akuyenda ndi kutembenuka mmene akufunira, pansi pamakhala pansi penipeni pa chipinda chimene wopangayo sanachionepo, ndipo kuwala kumachokera pawindo kapena pababu limene iye sangalizimitse. Mavuto ambiri amene oyamba kumene amakumana nawo amachokera pa kusinthaku, choncho ndi bwino kukumvetsa musanatsegule n'komwe injini ya masewera, kutanthauza pulogalamu yopangira masewera.

AR ndi luso loika zinthu zojambulidwa ndi kompyuta pamwamba pa zimene kamera ikuona, m'njira yakuti zizioneka ngati zilidi pamalopo. Mu 1997, Ronald Azuma anafotokoza zinthu zitatu zimene luso limeneli liyenera kukwaniritsa: kuphatikiza zenizeni ndi zojambulidwa, kuyankha nthawi yomweyo munthu akasuntha kapena akakhudza, ndi kukhazikitsa chojambulidwacho pamalo ake m'litali, m'lifupi ndi m'kuya. Mfundo yachitatuyi ndi imene ili ndi ntchito yaikulu. Kulemba mawu pamwamba pa vidiyo ya kamera n'kosavuta, koma kuika mpando wojambulidwa pakona ya chipinda, munthu n'kuuzungulira, kutembenukira kwina, n'kubwerera n'kuupeza pomwe anausiya, kumafuna kuti foni izidziwa pamene ili ndi kumene yaloza kambirimbiri pa sekondi iliyonse.

Maganizo amenewa si atsopano. Ivan Sutherland anapanga chipangizo chovala kumutu choonetsa mizere yojambulidwa ndi kompyuta mu 1968, ndipo dzina lakuti augmented reality linachokera kwa Tom Caudell wa kukampani ya Boeing kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, pamene ankafufuza njira yothandizira amisiri olumikiza mawaya a ndege. Mu 1999 Hirokazu Kato anatulutsa ARToolKit, imene inkazindikira zizindikiro zakuda ndi zoyera zosindikizidwa papepala. Sewero la Pokémon GO, limene kampani ya Niantic inatulutsa mu Julaye 2016 italipanga ndi injini ya masewera yotchedwa Unity, ndi limene linadziwitsa anthu ambiri za AR, ngakhale kuti poyamba tizilombo take tinkangoyandama patsogolo pa kamera popanda kudziwa pamene pali pansi. Zinthu zinasintha kwenikweni mu 2017 pamene Apple inalengeza ARKit, zida zake zopangira AR pafoni, ndipo Google inatsatira ndi ARCore, imene mtundu wake woyamba wathunthu unatuluka mu Febuluwale 2018. Kuchokera nthawi imeneyo, ntchito yovuta ya masamu yodziwa malo a foni inayamba kugwiridwa ndi foni yeniyeniyo, ndipo wopanga pulogalamu anangotsala ndi udindo wogwiritsa bwino ntchito zimene foniyo ikumuuza.

Kodi foni imadziwa bwanji pamene ili? Imaphatikiza magwero awiri a uthenga amene palibe limodzi lodalirika palokha. Gwero loyamba ndi masensa a mayendedwe: gyroscope imayeza mmene foni ikutembenukira, ndipo accelerometer imayeza mmene liwiro lake likusinthira. Masensawa amapereka manambala mofulumira kwambiri, koma zolakwika zawo zing'onozing'ono zimaunjikana, moti foni itadalira iwo okha ikhoza kuganiza kuti yasuntha mamita angapo pamene ili phee patebulo. Gwero lachiwiri ndi kamera. M'chithunzi chilichonse foni imafufuza timadontho tosiyana ndi malo otizungulira, monga kona ya buku, mfundo ya m'thabwa kapena mphambano ya matailosi, ndipo imatsatira mmene timadonthoto tikusunthira kuchokera pa chithunzi china kufika pa chinzake. Zinthu zapafupi zimaoneka kuti zikusuntha kwambiri kuposa zakutali, monga zimachitikira munthu akamayang'ana pawindo la galimoto, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene kumathandiza foni kuwerengera kutalika kwa kadontho kalikonse. Kamera imakonza zolakwika za masensa, masensa amadzaza mipata pakati pa zithunzi ndiponso amathandiza kudziwa kukula kwenikweni kwa zinthu m'mamita. Akatswiri amatchula njirayi kuti visual-inertial odometry, ndipo ikaphatikizidwa ndi kusunga mapu a malo amene foni yadutsamo kale, imatchedwa SLAM.

Ndakhalitsa pa mfundoyi chifukwa imafotokoza pafupifupi chilichonse chimene chidzakuvuteni pambuyo pake. Khoma loyera losalala lilibe timadontho toti foni itsatire. Galasi ndi tebulo lonyezimira zimaonetsa timadontho tabodza timene timasuntha mosiyana ndi chipinda. M'chipinda chamdima chithunzi chimadzaza ndi tizidutswa tosokoneza, ndipo munthu akagwedeza foni mofulumira chithunzicho chimachita chimbuuzi. Munthu amene waimirira malo amodzi n'kumangotembenuza dzanja sapatsa foni mwayi woyeza kuya, pakuti kuyezako kumafuna kuti kamera ichoke pamalo ena kupita pena. Zonse zimene foni imanena zokhudza chipinda ndi zongoyerekezera zimene zimakonzedwa pang'onopang'ono, ndipo pulogalamu yabwino imalembedwa poyembekezera kuti zoyerekezerazo zisintha.

Injini ya masewera imalowa pamenepa chifukwa ili kale ndi zonse zofunika pojambula zinthu zooneka mbali zonse: kuwala, mithunzi, kugundana kwa zinthu, mawu, mabatani, ndi njira yotumizira pulogalamu imodzi ku mafoni osiyanasiyana. Ziwiri zodziwika kwambiri ndi Unity, imene inatuluka mu 2005 ndipo khodi yake imalembedwa m'chinenero cha C#, ndi Unreal Engine ya kampani ya Epic Games, imene imagwiritsa ntchito C++ pamodzi ndi Blueprints, njira yolumikiza mabokosi m'malo molemba mizere ya khodi. Zonse ziwiri zimatha kupanga AR ya pafoni. Kwa munthu woyamba kumene, ine ndingasankhe Unity, chifukwa mapulogalamu ake amakhala opepukirapo pafoni ndipo zitsanzo za AR zolembedwera injiniyi ndi zochuluka kwambiri. Zimene zikutsatirazi zikunena za Unity, koma maganizo ake ndi omwewo mu injini ina iliyonse.

Mu 2018 Unity inabweretsa phukusi lotchedwa AR Foundation. Phukusili palokha silitsatira chilichonse. Lili ngati womasulira: inu mumalemba khodi kamodzi yopempha kuti foni ipeze malo athyathyathya, ndipo phukusilo limapereka pempholo kwa ARCore pa Android kapena kwa ARKit pa iPhone ndi iPad. N'chifukwa chake kuika AR Foundation yokha sikokwanira. Muyeneranso kuika Google ARCore XR Plug-in kapena Apple ARKit XR Plug-in kudzera mu Package Manager, kenako n'kukachonga bokosi lake mu XR Plug-in Management, m'gawo la Project Settings. Anthu ambiri amaika phukusi koma n'kuiwala kuchonga bokosilo, ndipo pulogalamu imatseguka pafoni ndi sikirini yakuda bii popanda uthenga uliwonse wonena chimene chalakwika. Muzikumbukiranso kuti womasulirayu sangapange chimene foni ilibe. Zinthu zina zimapezeka pa ARKit pokha, zina pa ARCore pokha, ndipo khodi yanu iyenera kufunsa kaye ngati chinthu chilipo isanachigwiritse ntchito.

Kukonza polojekiti ndi gawo lotopetsa, ndipo ndi pamene ambiri amagwera ulesi asanaone chilichonse. Pa Android, ARCore imafuna Android 7.0 kapena yatsopano kuposa imeneyo, kutanthauza API level 24, ndiponso foni yeniyeniyo iyenera kukhala pamndandanda wa zipangizo zimene Google inavomereza, chifukwa kamera ndi masensa a mtundu uliwonse wa foni amayenera kuyezedwa kaye kuti azigwirizana. Muyenera kusankha IL2CPP ndi ARM64 kuti pulogalamu yanu ikhale ya 64-bit, popeza Google Play yakhala ikufuna mapulogalamu a 64-bit kuyambira mu Ogasiti 2019. Mitundu yakale ya phukusi la ARCore sinkagwira ntchito ndi Vulkan, imodzi mwa njira zojambulira zithunzi pafoni, choncho ngati mukutsatira malangizo a zaka zapitazo mudzapeza akunena kuti muichotse n'kusiya OpenGL ES 3. Pa iOS mufunika kompyuta ya Mac yokhala ndi Xcode, pulogalamu ya Apple yomangira mapulogalamu, ndipo muyenera kulemba chiganizo chofotokoza chifukwa chimene pulogalamu ikufunira kamera m'bokosi la Camera Usage Description, apo ayi pulogalamuyo siloledwa kuitsegula kamerayo. Ngati polojekiti yanu ikugwiritsa ntchito Universal Render Pipeline, imodzi mwa njira zimene Unity imajambulira zithunzi, pali msampha winanso: muyenera kuwonjezera AR Background Renderer Feature, chifukwa popanda iyo chithunzi cha kamera sichijambulidwa kumbuyo kwa zinthu zanu, ndipo sikirini yakuda ija imabweranso.

Zimenezi zikatheka, malo ogwirira ntchito amafuna zinthu ziwiri zokha. AR Session ndi imene imayatsa ndi kuzimitsa ntchito yotsatira malo. XR Origin, imene m'mitundu ya AR Foundation isanafike 5.0 inkatchedwa AR Session Origin, imasunga kamera ndipo imasandutsa malo a m'chipinda chenicheni kukhala malo a mu injini. Kamera imene Unity imaika yokha poyamba iyenera kuchotsedwa, ndipo kamera ya AR musamaisunthe ndi khodi, pakuti woisuntha ndi munthu amene wagwira foni. Pamene pulogalamu yayambira ndi pamene pamakhala chiyambi cha miyeso yonse. Izi zikutanthauza kuti chinthu chimene mwaika pa ziro chimakhala mkati mwa foni momwemo ndipo sichioneka, pamene chimene mwaika theka la mita kutsogolo chimaonekera kulikonse kumene foni inaloza potsegula.

Pulogalamu yoyamba imene ndi yoyenera kupanga ndi yodziwika: munthu akhudze pa sikirini, chinthu chikhale pansi kapena patebulo pamene wakhudzapo. Imaoneka yachibwana, koma ili ndi mafupa onse a mapulogalamu akuluakulu monga IKEA Place, imene mu 2017 inayamba kulola anthu kuona mipando m'zipinda zawo asanagule. Pa XR Origin mumaikapo AR Plane Manager, imene imasonkhanitsa timadontho togona pamulingo umodzi n'kunena kuti apa pali malo athyathyathya, kaya ogona ngati pansi kapena oimirira ngati khoma. Mumaipatsa prefab, kutanthauza chinthu chokonzeratu chimene injini imachikopera nthawi iliyonse chikafunika, kuti malo opezekawo azioneka ndi mtundu wopyapyala. Poyamba malowo amakhala kachigamba kakang'ono, kenako amakula munthu akamayendetsa foni, ndipo nthawi zina zigamba ziwiri zimaphatikizana foni ikazindikira kuti ndi pansi pamodzi. Ngati ntchito yanu imangofuna pansi, zimitsani kufufuza makoma, chifukwa kufufuza kulikonse kumadya mphamvu ya foni.

Kenako mumaikapo AR Raycast Manager. Sikirini ili ndi mbali ziwiri zokha, pamene chipinda chili ndi zitatu, choncho kukhudza kwa chala sikunena kuti chinthu chikhale patali bwanji. Injini imaponya mzere wosaoneka kuchokera pa kamera, kudutsa pamene chala chakhudza, mpaka ukagunde malo amene foni yapeza kale. Yankho limabwera ngati mndandanda wa malo amene mzerewo wagunda, kuyambira apafupi kwambiri, ndipo lililonse limanena malo ake ndi kumene kwaloza. Mumatenga loyambalo n'kuikapo chinthu chanu. Khodi yake siposa mizere makumi angapo. Dziwani kuti mzere umenewu ndi wosiyana ndi Physics.Raycast wa masiku onse: wa AR umagunda zimene foni yapeza m'chipinda, pamene wa Physics.Raycast umagunda zinthu za mu injini zokhala ndi collider, kutanthauza malire osaoneka ozindikirira kugundana, ndipo wachiwiriwu ndi umene mudzafune pamene munthu akusankha chinthu chimene anaika kale.

Apa ndi pamene nkhani ya kukula imatulukira. Mu AR muyezo umodzi wa Unity ndi mita imodzi yeniyeni. Bokosi limene Unity imapanga lokha ndi lalitali mita imodzi mbali zonse, ndipo likaikidwa patebulo limadzaza sikirini yonse, kapena kamera imapezeka ili mkati mwake moti palibe chimene chikuoneka. Bokosi loyesera lichepetsedwe kufika pa 0.1, kutanthauza masentimita 10. Zinthu zochokera mu Blender, pulogalamu yojambulira zinthu zooneka mbali zonse, kapena zotsitsidwa pa intaneti ngati mafayilo a FBX kapena glTF nthawi zambiri zimabwera ndi miyeso yosokonekera, zina zazikulu kuwirikiza 100 chifukwa wozipanga ankawerengera m'masentimita. Onaninso pamene pali phata la chinthucho: ngati lili pakati, theka lake lidzamira pansi, choncho phatalo liyenera kukhala kumapazi.

Tanena kale kuti foni imakonza zoyerekezera zake ikamaona zambiri. Ikatero, chinthu chimene chinaikidwa pa manambala okhazikika chimaoneka ngati chatsetsereka pang'ono. Mankhwala ake ndi nangula, amene amaperekedwa ndi AR Anchor Manager. Nangula ndi pempho lakuti foni isunge malo enieni amenewa, ndipo ikakonza mapu ake isunthenso manambala a nangulayo kuti akhalebe pa kona ya tebulo yomweyo. Chinthu chanu chimamangiriridwa kwa nangulayo. Anangula amadya mphamvu, choncho zinthu zimene zili pamodzi zigawane nangula mmodzi, ndipo amene sakugwiranso ntchito achotsedwe. Nangula amagwira bwino zinthu zimene zili pafupi naye. Chimene chili mamita ambiri kutali chimafuna wakewake.

Chinthu chikhoza kukhala pamalo oyenera, cha kukula koyenera, koma n'kumaonekabe ngati chomata. Kawirikawiri chimene chikusowa ndi mthunzi. Diso la munthu limadalira mthunzi podziwa ngati chinthu chakhudza pansi, ndipo ngakhale kamthunzi kozungulira kongojambula kunsi kwa chinthucho kamasintha maonekedwe kuposa kuwonjezera tsatanetsatane pa chinthu chenichenicho. AR Camera Manager imathanso kupereka chiyerekezo cha kuwala kwa m'chipinda, mphamvu yake ndi mtundu wake, kuti nyali ya mu injini izitsatira, ndipo chinthu chisawale mbee m'chipinda cha kachisisira. Vuto lachitatu ndi lobisika kumbuyo: injini imajambula zinthu zake pamwamba pa chithunzi cha kamera, moti dzanja likadutsa kutsogolo kwa chinthucho, chinthucho chimaonekabe pamwamba pa dzanjalo. AR Occlusion Manager imathetsa zimenezi pogwiritsa ntchito mapu a kuya kwa malo. Apple inayamba kuzindikira anthu odutsa kutsogolo mu ARKit 3 mu 2019 pa mafoni okhala ndi chip cha A12 kupita mtsogolo, ndipo mu 2020 inaika sensa ya LiDAR, yoyeza kutalika kwa zinthu ndi kuwala, mu iPad Pro ndi iPhone 12 Pro. Chaka chomwecho Google inatulutsa Depth API, imene imawerengera kuya kuchokera pa kusuntha kwa kamera imodzi. M'mphepete mwa zinthu mumaonekabe mosasalala, ndipo si mafoni onse amene ali nazo, choncho pulogalamu yoyamba ikhoza kuyenda popanda zimenezi.

Pali njira ina yoyambira imene sifuna pansi konse, ndiyo kuzindikira chithunzi chosindikizidwa, monga chikuto cha buku kapena chikwangwani. Mumaika zithunzi zanu mu Reference Image Library, mumalemba kukula kwake kwenikweni, ndipo AR Tracked Image Manager imakuuzani chithunzicho chikaoneka. Chithunzi chabwino ndi chokhala ndi tinthu tambiri tosiyanasiyana tosabwerezabwereza. Chizindikiro cha kampani chokhala ndi mitundu iwiri yosalala chimakanika kawirikawiri. Google ili ndi kachida kotchedwa arcoreimg kamene kamapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 100, ndipo imalangiza kuti chithunzi chipeze 75 kapena kuposa. Vuforia, imene inayambira ku Qualcomm n'kugulidwa ndi PTC mu 2015, yakhala ikudziwika pa ntchito yozindikira zithunzi ndi zinthu, ndipo nayonso imalowa mu Unity.

Kuyesa kumatenga nthawi yambiri kuposa kulemba khodi. Kuyambira AR Foundation 5.0 pali XR Simulation, imene imakulolani kuyenda m'chipinda chongoyerekezera muli pakompyuta, ndipo imapulumutsa maola ambiri odikira kuti pulogalamu imangidwe n'kutumizidwa ku foni. Koma m'chipinda chimenecho kuwala n'kwabwino nthawi zonse ndipo dzanja silinjenjemera. Foni yeniyeni ndi imene imaonetsa choonadi, makamaka pa nkhani ya kutentha. Kamera, masensa, masamu otsatira malo ndi kujambula zimagwira ntchito nthawi imodzi, ndipo kuti pakhale zithunzi 60 pa sekondi chilichonse chiyenera kutha m'mamilisekondi 16.7, kapena 33.3 ngati mukufuna zithunzi 30. Foni ikatentha imadzichepetsera liwiro, zithunzi zimayamba kudumpha, ndipo chinthu chimene chinali chokhazikika chimayamba kugwedezeka. Kuyesa kwa mphindi imodzi sikuonetsa zimenezi. Siyani pulogalamu iyende mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, pafoni yofooka kwambiri mwa amene mukufuna kuti izigwirapo. Chepetsani tizidutswa topanga zinthu zanu, chepetsani kukula kwa zithunzi zokutira, ndipo zimitsani manijala aliyense amene ntchito yake yatha. Mwachitsanzo, chinthu chikangoikidwa, kufufuza malo atsopano kungathe kuimitsidwa ndipo zigamba zoonetsa pansi zija n'kubisidwa.

Chotsala ndi munthu amene adzatsegule pulogalamuyo koyamba. Iye sadziwa kuti foni ikufuna kuyendetsedwa pang'onopang'ono uku ndi uku, ndipo akaona kamera yokha popanda chochitika amaganiza kuti pulogalamu yafa. AR Session imanena ngati ikutsatira bwino malo, ndipo ikakanika imatchula chifukwa chake, monga kuchepa kwa kuwala, kusuntha mofulumira kapena kusowa kwa timadontho. Chifukwa chilichonse chipatsidwe uthenga wake waufupi, wouza munthu kuti ayatse nyali, achepetse liwiro, kapena aloze foni pamalo okhala ndi maonekedwe osiyanasiyana m'malo mwa khoma loyera. Kachizindikiro kozungulira kamene kamatsetsereka pansi pakati pa sikirini kamamuonetsa pamene chinthu chidzakhale asanakhudze n'komwe. Mabatani akhale aakulu ndiponso pansi pa sikirini pamene chala chachikulu chimafika, pakuti dzanja lina lagwira foni m'mwamba ndipo limatopa msanga. Payeneranso kukhala batani loyambiranso, limene limachotsa anangula onse ndi kuyambitsa AR Session mwatsopano, chifukwa munthu akaika foni m'thumba n'kukaitulutsa m'chipinda china, mapu akale aja sakhalanso ndi ntchito.